Za mankhwala odetsa dzino la mwana aja

Mayi, mwafunsa za mwana wanu wa zaka 4 amene mano ake awiri a kumbuyo abowoka, ndipo dokotala sakufuna kuwazula kapena kuwamata, akuti angopakapo mankhwala amene adzadetsa zibowozo. Ndaona ena akuyankhani kale kuti dokotalayo ndi waulesi, mukaonane ndi wina. Musafulumire. Ngati mankhwalawo ndi silver diamine fluoride, amene madokotala amangoti SDF, ndiye kuti wakuuzani zogwirizana ndi kafukufuku wa zaka zino.

SDF ndi timadzi tooneka ngati madzi wamba. Dokotala amaumitsa dzino ndi thonje, n'kudontheza kadontho kamodzi m'kambale, n'kutenga kaburashi kakang'ono kwambiri kupaka m'chibowo. Pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri zatha. Palibe jakisoni, palibe makina oboolera aja amene phokoso lake lokha limaliza mwana asanakhudzidwe n'komwe. Siliva amene ali m'mankhwalamo amapha tizilombo todya dzino, pamene fluoride amalimbitsanso mbali imene inayamba kufewa. Pakapita masiku ochepa, pamene panawola pamada bii ndipo pamauma gwa. Kudako n'kwa siliva, ndipo kumagwira powola pokha, mbali yabwino ya dzino imatsala yoyera. Koma dziwiranitu kuti sikuchoka ndi mswachi, kudzachoka tsiku limene dzinolo lidzagweduka lokha. Akagwera pa mlomo kapena pa chala amasiya banga lotha pakapita masiku, koma pa chovala ndiye basi, choncho musamutchenetse diresi ya ku tchalitchi tsiku limenelo.

Mankhwalawa si a dzulodzulo ayi. Ku Japan anayamba kuwagwiritsa ntchito cha m'ma 1970, kutsatira kafukufuku wa Mizuho Nishino pa yunivesite ya Osaka. Ku America anawaloleza mu 2014, ndipo mu 2021 bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Ofufuza a ku Hong Kong atasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana mu 2016, anapeza kuti SDF wa mphamvu ya 38% amaimitsa kuwola pa zibowo pafupifupi 81 mwa 100 zilizonse pa mano oyamba a ana. Anzawo komweko anaonanso kuti kupaka kawiri pa chaka kumagwira bwino kuposa kamodzi. Ndiye dokotala akakuuzani kuti mubwerenso pakatha miyezi 6, sikuti akufuna ndalama zanu.

Kafukufuku amene ine amandigwira mtima ndi wa ku New York wotchedwa CariedAway, amene zotsatira zake zoyamba zinatuluka mu 2023. Anatsatira ana pafupifupi 3,000 m'masukulu 47 a m'madera osauka. Ena anawapaka SDF, ena anawamata mano ndi zomatira zimene zakhala zikugwiritsidwa ntchito kuyambira kale. Onse analandira chithandizocho kamodzi kokha, chifukwa Covid inatseketsa masukulu. Patatha zaka ziwiri, kuwola kunali kutaima mwa ana 56 pa 100 alionse opakidwa SDF, ndi 46 mwa omatidwa aja. Ndipo ena mwa opaka anali anamwino, osati ophunzira ntchito ya mano okha. Taganizirani tanthauzo la zimenezi kwathu ku Malawi, kumene maphunziro a udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku Blantyre, pa sukulu imene lero ndi yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS), ndipo mwana wa kumudzi dzino likamuvuta thandizo limakhala lozula basi. Mankhwala osafuna magetsi kapena mpando wa makina ndi nkhani yaikulu.

Koma tsopano mvetserani mbali ina, poti SDF sachiza dzino lililonse. Ngati mwana amadzuka usiku ndi ululu popanda chimene wadya, ngati pa nkhama patuluka kachotupa kotuluka mafinya, kapena tsaya latupa, ndiye kuti kuwola kwafika pa mtsempha. Pamenepo kupaka n'kutaya nthawi, dzino liyenera kuzulidwa kapena kuchizidwa mkati, ndipo kutupa kwa tsaya sikodikira mawa. Mwana amene thupi lake limadana ndi siliva, kapena ali ndi zilonda m'kamwa, samupakanso. Komanso chibowo sichitsekeka, chimangouma, ndiye zakudya zimalowamobe. N'chifukwa chake madokotala ena akapaka amadzamatanso pamwamba pake, kapena amaveka dzinolo kachipewa kachitsulo osaliboola n'komwe. Njira ya kachipewayi imatchedwa Hall technique, potengera dzina la Norna Hall, dokotala wa ku Scotland amene anaiyamba. Mufunseni dokotala wanu ngati amaichita.

Amene akuti angozula poti ena adzamera, akuiwala kuti mano a kumbuyowo amakhala mpaka mwana atafika zaka 10 mwina 12. Akazulidwa pa zaka 4, oyandikana nawo amasendera pa mpatapo, ndipo dzino lachikulu likamadzabwera limapeza malo atachepa, n'kumera mopotoka.

Ku Britain kunachitika kafukufuku wina wotchedwa FiCTION, wa ana 1,144 a zaka 3 mpaka 7. Anayerekeza njira zitatu: kuboola n'kumata, kutsekera chibowo osaboola, ndi kungolimbikira kupewa. Atawatsatira kwa zaka zitatu, sanapeze kusiyana kwenikweni pa nkhani ya ululu ndi mafinya, ndipo ana oposa 40 pa 100 alionse anamvabe ululu kapena kutupa, kaya anathandizidwa mwa njira iti. Ine ndimamva kuti dzino likangobowoka, za kwa dokotala zimangochepetsa vuto, ntchito yotsala ili kunyumba kwanu.

Chimene chimawononga kwambiri ndi kudya shuga pafupipafupi. Mwana amene amamwa tiyi wa shuga m'mawa, mafizi pa 10 koloko, bisiketi masana, switi madzulo, mano ake amakhala mu asidi tsiku lonse ndipo malovu sapeza mpata wokonza. Kuli bwino zotsekemerazo adyere limodzi ndi chakudya, pakati pa zakudya azimwa madzi. Usiku asagone ndi botolo la juwisi kapena la tiyi. Mankhwala otsukira mano onani kuseri kwa chubu, pakhale polembedwa fluoride wosachepera 1,000 ppm, chifukwa ena olembedwa kuti ndi a ana amakhala ndi wochepa. Wa zaka 4 mufinyireni kuchuluka kwa nsawawa imodzi, wosafika zaka 3 kanjere ka mpunga. Akamaliza alavule koma asachukuche ndi madzi, kuti fluoride atsalire pa mano. Ndipo muzimutsuka ndinu, makamaka usiku, mpaka adzafike zaka 7.

Akamayandikira zaka 6 muziyang'ana kumbuyo kwenikweni kwa mano awiri odawo. Kumeneko kudzamera dzino lachikulu loyamba popanda lina kugweduka, ndipo makolo ambiri amaliyesa la ubwana n'kulilekerera. Likangotuluka lonse, pitani nalo akalimate pamwamba lisanabowoke.