Kodi "mtambo" wa makompyuta tiutchule bwanji m'Chichewa?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina amene amasamalira makompyuta pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Mabwana awo awatuma kulemba chidziwitso cha m'Chichewa choti apachike pa bolodi kuti makalaliki ndi akapitawo awerenge. Kaundula wa makilogalamu a tiyi amene anthu athyola amasungidwa pa seva (kompyuta yaikulu yosungira zinthu) ya mu ofesi momwemo, pomwe za malipiro ndi maimelo zimasungidwa ku cloud. Tsopano kampani ikufuna kuti zachitetezo za mbali ziwirizi ziziyendetsedwa pamodzi. Akufunsa kuti: "Cloud ndilembe kuti mtambo? Nanga policy ndi lamulo kapena ndondomeko?"

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanapachike pepalalo. Kwanuko mtambo si nkhani yongomva. Chiperoni chikatsika m'nyengo yozizira, othyola tiyi amanyowa mpaka m'chiuno, ndipo phiri la Mulanje limabisika tsiku lonse. Munthu wozolowera zimenezi akawerenga kuti malipiro ake ali mumtambo, m'mutu mwake mumabwera chinthu choyandama, chimene mphepo ikhoza kuuluza dzuwa lisanafike paliwombo. Ndinaonapo uthenga wina womasuliridwa kuti "zithunzi zanu zasungidwa kumwamba". Mayi wachikulire amene anandionetsa uthengawo pa foni yake anali ndi nkhope yodandaula, chifukwa kumwamba tonse timadziwa kuti kumapita ndani.

Chimene Angerezi amachitcha cloud ndi makompyuta akuluakulu a kampani ina, okhala m'nyumba zenizeni za alonda ndi makina oziziritsira, amene inu mumawafikira kudzera pa intaneti. Kampani ya Microsoft inatsegula nyumba zotere ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, ndipo Amazon inatsegula zake ku Cape Town mu 2020. Choncho poyamba lembani zimene chinthucho chili: "makompyuta a kutali amene timawafikira pa intaneti, amene ena amawatcha mtambo". Mukatero, m'mizere yotsatira mawu oti mtambo adzayenda okha popanda kusokoneza munthu.

Apa pali kanthu kena kamene ndimakakonda m'chiyankhulo chathu. Pa-, ku- ndi mu- sizinena chimodzi. Ine ndimati "zasungidwa pamtambo", monga timanenera kuti pa intaneti kapena pa foni. Potumiza ndimati "tumizani kumtambo", poti ku- amaloza kumene chinthu chikupita. "Mumtambo" tisiyire ndege ndi mbalame. Kampani ikamagwiritsa ntchito Microsoft ndi Amazon yomwe, "mitambo iwiri" zikumveka, koma "kumitambo" musalembe, pakuti khutu la Mchewa limathamangira kumlengalenga.

Za seva ya mu ofesi musavutike nazo. Ndi "makompyuta athu a pompano", basi.

Tsopano policy. Mawu amenewa omasulira ambiri amangowalemba kuti ndondomeko kulikonse kumene awapeza, ndipo zimenezi zimandidetsa nkhawa. Ndondomeko ndi mndandanda wa zochita, ichi chikatha kenako ichi. Foni ya kuntchito ikasowa, uzani kapitawo, kapitawo aimbire a makompyuta, iwo atseke akaunti: imeneyo ndiye ndondomeko. Koma kompyuta ikakana mawu achinsinsi afupiafupi, kapena ikatsekera kunja munthu amene walakwitsa kangapo, palibe kukambirana. Limenelo ndi lamulo. Kalaliki akawerenga kuti ndondomeko amaganiza kuti ndi malangizo oti akhoza kuwalumpha tsiku la malipiro ntchito ikachuluka. Ingokumbukirani kulemba kuti "malamulo a kampani", kuti asasokonezeke ndi a boma, monga lija la mu 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, kapena la Data Protection Act la mu 2024, limene amaliyang'anira ndi a MACRA, bungwe loona za mafoni, mawailesi ndi intaneti.

M'kalata yanu munalembanso kuti malamulowa "aziyendetsedwa pakati". Ayi, bambo. Pakati m'Chichewa ndi pakati pa zinthu ziwiri, pakati pa msewu, pakati pa usiku, ndipo mawuwa ali ndi tanthauzo linanso lija limene amayi amalidziwa bwino. Chimene mukufuna kunena ndi "kuchokera pamalo amodzi". Ndipo ndi bwino kuwauza owerenga chifukwa chake. Kalaliki akasiya ntchito, mukhoza kutseka akaunti yake pa seva ya mu ofesi koma ya pamtambo n'kuiwalika, khomo la kutsogolo lokhoma, la kuseri lili chitsegukire. Malamulo akamaikidwa pamalo amodzi, mukatseka kamodzi mwatseka konse. Ndikanakhala ine ndikanalemba chonchi: "Kuyambira mwezi uno, malamulo a kampani oteteza makompyuta athu a pompano ndi a pamtambo aziikidwa kuchokera pamalo amodzi. Amene waletsedwa kulowa kuno waletsedwanso kumeneko." Musanapachike, muwerengereni mlonda wa pageti mokweza. Pamene angakuimitseni kuti mubwereze, pamenepo mpofunika kukonza.

Funso lina lalifupi lachokera kwa mayi wina wophunzitsa ku Chitakale, ku Mulanje. Akufunsa ngati tilembe "mawu achinsinsi" kapena "mawu a chinsinsi". Mayi, ine ndimalumikiza pamene mawuwo akufotokoza mtundu wa chinthu: mawu achinsinsi, nambala yachinsinsi, madzi akumwa. Ndimalekanitsa pamene akuonetsa mwini wake: foni ya aphunzitsi, malamulo a kampani. Ana anu akalemba "nambala yachinsinsi ya amayi", mwapeza zonse ziwiri m'mzere umodzi, ndipo muwachongere kuti akhoza.