Kalembera, kaundula ndi mawu ena a pachisankho

Funso: Aphunzitsi ena a ku Dedza alemba kuti, "Pa wailesi ena amati dzina langa lili m'kalembera, ena amati lili m'kaundula. Cholondola n'chiti?"

Yankho: Aphunzitsi, dzina lanu lili m'kaundula. Kalembera ndi ntchito yolemba anthu, imene imakhala ndi tsiku loyambira ndi lotsekera, monga kalembera wa anthu ndi nyumba amene adachitika mu 2018, pamene kaundula ndi mndandanda wa mayina umene umatsala ntchitoyo ikatha. N'chifukwa chake timati kalembera wayamba kapena waimitsidwa, koma kaundula amasungidwa, kuunikidwa ndi kukonzedwa. Munthu amapita ku kalembera atanyamula chiphaso cha unzika chochokera ku NRB, nthambi ya boma yopereka ziphasozi, ndipo pambuyo pake bungwe loyendetsa zisankho la MEC limapereka masiku oti aliyense akaone ngati dzina lake lalowa m'kaundula molondola.

Atolankhani ayenera kusamala kwambiri pamenepa, chifukwa madandaulo okhudza kalembera ndi okhudza kaundula safanana. Wonena kuti kalembera sadayende bwino akudandaula za makina amene adafa kapena malo amene adatsegulidwa mochedwa, pamene wonena kuti kaundula ndi wolakwika akunena za mayina a omwalira amene sadachotsedwe, dzina lolembedwa kawiri, kapena mayi wa ku Linthipe amene dzina lake lapezeka ku Mayani. Kumbukiraninso kuti wovota amalembetsa, ndipo wolemba ndi kalaliki wokhala patebulo uja.

Funso: Mayi ena a ku Zomba akufunsa ngati n'kokwanira kulemba kuti mtsogoleri wa dziko amapambana "ndi mavoti ambiri".

Yankho: Mayi, mawu amenewo ndi operewera, ndipo kuperewera kwa mtundu womwewo kudafika mpaka kukhoti. Pa chisankho cha pa 21 May 2019, a Peter Mutharika adalengezedwa kuti apambana ndi mavoti pafupifupi 39 pa 100 alionse, amene adali ochuluka kuposa a wina aliyense koma osafika theka. Pa 3 February 2020 khoti loona za malamulo aakulu a dziko lidathetsa zotsatirazo, ndipo potanthauzira gawo 80(2) la malamulowo lidagamula kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Khoti la apilo lidagwirizana nazo mu May chaka chomwecho, ndipo anthu adavotanso pa 23 June.

Choncho pa mpando wa pulezidenti lembani kuti "mavoti oposa theka la mavoti onse ovomerezeka", koma pa aphungu ndi makhansala lembani kuti "mavoti ochuluka kuposa a anzake", pakuti iwo amapambana ngakhale asadafike theka. Ndimamvanso anthu ophunzira ndithu akumasulira 50+1 kuti ndi mavoti 51 pa 100 alionse, chimene n'cholakwika. Nambala 1 ikuimira voti imodzi yokha yowonjezera pa theka: ngati mavoti ovomerezeka ali 1,000, wopeza 501 wapambana.

Funso: Wowerenga wina wa ku Johannesburg akufunsa ngati mauthenga andale olipiridwa amene amawaona pa Facebook tingawatche "malonda andale".

Yankho: Sindikuvomereza, achimwene. M'Chichewa malonda ndi kugula ndi kugulitsa, ndiye womva "malonda andale" angaganize za phungu amene wagulidwa ndi chipani china, kapena za ndalama ndi mphatso zogawira ovota, zimene lamulo la zipani la 2018 lidaletsa. Tili kale ndi mawu akuti "kukopa anthu", monga tikamati misonkhano yokopa anthu, kotero "uthenga wolipiridwa wokopa anthu" ndi womveka kwa aliyense, ndipo "uthenga wa kampeni" si wolakwika polankhula. Pofuna kunena kuti mwini uthengawo adziwike, pewani mawu akuti "kuonekera", amene amayenera nsalu yopyapyala, ndipo nenani kuti "kuchita zinthu poyera" kapena "mosabisa". Pansi pa uthengawo, mawu oyenera ndi akuti "Walipira uthengawu ndi wakutiwakuti", chifukwa kalembedwe kameneka kamaloza munthu kapena chipani chimene chatulutsa ndalama, ndipo n'chimene wowerenga akufuna kudziwa.