Ndilibe digiri ya uinjiniya, ndingakhale planner kufakitale ya zida zankhondo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amagwira ntchito ku stolo ya fakitale, kulandira katundu ndi kuwerenga sitoko. Akufuna kudzakhala planner kumakampani opanga ndege zankhondo, mizinga ndi zipolopolo koma alibe digiri ya uinjiniya ndiye akuopa kuti mwina akungodzivutitsa. Achimwene pepani ndachedwa, funso lanuli sindinafune kuliyankha mothamanga.

Mtima pansi kaye, planner si injiniya. Injiniya amajambula chinthucho, inuyo ntchito yanu ndi kudziwa kuti kachitsulo kalikonse kafika liti, kalowa pa makina ati, ndi anthu angati, kuti tsiku lomwe kampani inalonjeza boma lisaphonyeke. M'mawa mumatsegula ERP, pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera katundu ndi maoda a kampani, kaya ndi SAP kaya Oracle, gawo lake lowerengera zipangizo zofunika lotchedwa MRP nkukuponyerani mndandanda wa zomwe zikusowa, kenako mumautenga mndandandawo nkupita nawo komwe kuli makina kukaona ndi maso ngati zomwe kompyuta ikunenazo zili zoona. Ndipotu nthawi zambiri sizigwirizana. Kompyuta ikuti mabawuti alipo 40, mufika pa shelefu muwapezadi 40 koma apachikidwa kapepala kofiira chifukwa satifiketi ya chitsulo chake sinabwere, ndiye palibe angawamange pa ndege, phiko lonse lingokhala pamenepo anthu manja m'thumba kudikira pepala limodzi. Munthu wochokera ku stolo zimenezi amazimva msanga kuposa amene wangotuluka kumene ku koleji, nchifukwa chake ine ndikuti simukuyambira pansi ayi.

Chomwe chimasiyanitsa ntchitoyi ndi fakitale wamba ndi choti chilichonse chiyenera kudziwika komwe chinachokera. Mu September 2022 boma la America linasiya kaye kulandira ndege zankhondo za F-35 kuchokera ku kampani ya Lockheed Martin chifukwa anapeza kuti kamaginito kena ka mu pampu kanapangidwa ndi chitsulo chochokera ku China. Kamaginito basi! Ndipo ndege imeneyi zigawo zake zimachokera kutali, chakumbuyo kwake amapanga a BAE Systems ku Samlesbury ku England, injini ndi ya Pratt & Whitney, nkukalumikiza ku Fort Worth ku Texas. Taganizani munthu amene akuyenera kugwirizanitsa masiku a zonsezo.

Chinanso ndi lead time, nthawi yoyambira poitanitsa chinthu mpaka chifike. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 America inkapanga zipolopolo za mizinga za 155mm pafupifupi 14,000 pamwezi, nkuika cholinga chofika 100,000, koma ngakhale ndalama zilipo makina atsopano, wonga ndi anthu odziwa ntchito sizipezeka tsiku limodzi. Planner wabwino ndi amene amalimba mtima kuuza abwana kuti tsiku mukufunalo silitheka, chifukwa chake ndi ichi, tsiku lenileni ndi ili. Kunamiza abwana kuti asangalale lero kumadzakutulukirani patsogolo katundu atachedwa, ndipo zimenezi zimandiwawa ndikamaona achinyamata akuzichita chifukwa cha mantha.

Dziwaninso kuti njira zilipo ziwiri. Pali production planner amene amakhala ndi maoda a tsiku ndi tsiku, ndiye pali scheduler wa pulojekiti yonse amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu okonzera ndandanda ya ntchito monga Primavera P6 kapena Microsoft Project komanso njira yotchedwa Earned Value Management poonetsa boma ngati ntchito yachitikadi molingana ndi ndalama zomwe zapita. 

Inuyo yambani ndi njira yoyambayo, ya production planner. Excel muidziwe bwinobwino, muzitha kuwerenga bill of materials, mndandanda wa zigawo zonse zopangira chinthu, osasochera, ndipo ngati thumba likulola lembani mayeso a CPIM, okhudza kukonza mapulani a fakitale ndi sitoko, a bungwe la ASCM lomwe kale linkatchedwa APICS, olemba ntchito amaidziwa satifiketi imeneyo.

Koma pali khoma lomwe sindingakubisireni. Ku America malamulo a ITAR, oteteza zida zankhondo ndi luso lake kuti zisapite kunja mwachisawawa, amachititsa kuti ntchito zambiri zipite kwa nzika kapena amene ali ndi green card, ndipo security clearance, chilolezo choona zinsinsi za boma, imafuna unzika weniweni. Ku UK clearance yotchedwa SC (Security Check) kawirikawiri amafuna mutakhalako zaka 5. Ndiye musanalipire kosi iliyonse onani kaye ngati mapepala anu akukulolani m'dziko lomwe mukufunalo. Komanso khalani pansi mudzifunse ngati mtima wanu ukuvomera kupanga zinthu zopha anthu, ena zimawasautsa atalowa kale.

Ngati zonsezi zili bwino musathamangire makampani akuluakulu aja, funsirani kumafakitale ang'onoang'ono amene amawagulitsa zigawo, makamaka omwe ali ndi satifiketi ya AS9100, yotsimikiza kuti fakitale ikutsata miyezo ya makampani opanga ndege. Ndipo mawa lomweli kapempheni planner wa pomwe mukugwirapo kuti muzikhala nawo pa miting'i yawo ya m'mawa, muzimva momwe amakambirana za katundu wosowa.