Mukafuna madzi a pamathithi aoneke osalala pa chithunzi

Achimwene, mwafunsa kamera yoti mugule komanso mmene mungajambulire mathithi kuti madzi aoneke ngati mkaka. Za kamerayo ena ayankha. Ine ndinena za madziwo, poti kamera iliyonse yokhala ndi manual (yokulolani kusintha nokha zonse) imaigwira ntchitoyi.

Amene akuti mungoika f/22 basi (kuchepetsa kwambiri kabowo kolowetsa kuwala mu lens) akukusocheretsani. Dzuwa likamaswa mtengo, ngakhale pa f/22 madzi amangoyera mbee, chithunzi n'kutayanso kuthwa kwake. Chofunika ndi tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu) ndi fyuluta ya ND (kagalasi kakuda koika kutsogolo kwa lens, kochepetsa kuwala; nambala yake ikakula, kamakhala kakuda kwambiri). Ikani ISO (mmene kamera imamvera kuwala) pa 100, f/8 kapena f/11, shutter (nthawi imene kamera ikulowetsa kuwala) pakati pa theka la sekondi ndi masekondi 2. Mukapyola pamenepo mizere ya madzi imafufutika. ND64 ikukwanirani. ND1000 ndi ya kunyanja, pofuna kugoneka mafunde ndi masekondi 30.

Koma chonde, mafyuluta a ND otchipa opotokola aja, amati variable, musayerekeze. Yanga ndinaigula m'shopu ina m'tauni, wogulitsa akulumbira kuti ndi yapamwamba. Nditapita nayo ku Williams Falls pa phiri la Zomba, zithunzi zinatuluka ndi mtanda wakuda pakati, miyala itasanduka yapepo. Mafuta, malo ogona, zonse zinalowa m'madzi, ndipo wa shopuyo anakana kundibwezera ndalama. Mtandawo umabwera mukapotokola mpaka kumapeto, makamaka pa lens yotambalala. Kuli bwino kutuma wachibale ku Joni akakugulireni ND64 yabwinoko. Musanatume, onani nambala ili kuseri kwa chivundikiro cha lens, kaya 52, 58 kapena 67, kuti fyulutayo idzalowe.

Pophunzirira, ine ndimakonda ku Williams Falls komweko. Mtsinje wa Mulunguzi umatsika pamiyala pang'onopang'ono, mitengo imatchinga dzuwa, ndipo poimika tripod alipo. Pitani mu Epulo kapena Meyi, mvula itangosiya, m'mamawa kapena tsiku la mitambo. Ku Dziwe la Nkhalamba ku Mulanje ndi kokongola, koma Loweruka anthu osambira amadzaza, miyala yake ndi yoterera, ndiponso mvula ikagwa kumtunda madzi amasefukira mwadzidzidzi. Musaime pakati pa mtsinje nyengo ya dzinja, chonde ndithu.

Batani musadine ndi chala, ikani timer ya masekondi 2 kuti kamera isagwedezeke. Tenganinso kansalu kofewa, chifukwa timadontho timagwera pa fyuluta osaoneka, mumadzationa mutafika kale kunyumba. Ngati muli ndi iPhone, jambulani Live Photo n'kusankha Long Exposure, muyambe mwaona mmene zimaonekera musanawononge ndalama.