Land Rover ya agogo yatha zaka pansi pa mango: ndiipente kaye ndisanagulitse?

FUNSO: Agogo anga aamuna anamwalira n'kusiya Land Rover yakale kwathu ku Namwera. Yatha zaka zoposa 10 pansi pa mtengo wa mango osayenda. Munthu wina wa ku Lilongwe akuifuna momwe ililimu, koma akufunsa mbiri yake ndi mapepala. Bulubuku sitikuliona. Kodi ndiipente ndi kuiliza kaye kuti mtengo ukwereko?

YANKHO: Achimwene, pentiyo muisiye kusitolo komweko. Anthu amene amasaka magalimoto akale amafuna penti yoyamba ija, ngakhale yasuluka ndi dzuwa. Mukaipaka penti ya zitseko ndi bulashi, wogula amaganiza kuti pali chomwe mukubisa, ndipo mtengo umatsika pompo. Kuiliza nakonso ayi. Injini yokhala nthawi yaitali chonchi, mkati mwake mwauma, ndiye mukangoikamo batire n'kupotokola kiyi mukanda masilinda. Chotsani mapulagi, thiranimo oilo pang'ono, dikirani masiku angapo, kenaka yesani kuizunguza ndi dzanja. Ikazungulira, muuzeni wogulayo, basi. Ndipo musagule makabureta otchipa apamsika aja kuti ioneke yamoyo. Ndataya ambiri.

Tsopano nkhani yeniyeni ndi nambala ya chesisi, chimango chachitsulo chapansi chomwe thupi la galimoto limakhalapo. Mwa magalimoto oterewa amene abwera pagaraja panga pano pa Boma, vuto nthawi zambiri silikhala injini. Limakhala loti nambala ya pachitsulo ndi ya papepala sizigwirizana.

Pa Land Rover za mtundu wa Series nambalayi ili malo awiri. Ina ili pa kambale kachitsulo kokhomedwa pa khoma lolekanitsa injini ndi mokhala dalaivala. Kambale kameneka ine sindikakhulupirira, chifukwa aliyense wokhala ndi sikuludiraiva akhoza kukachotsa pa galimoto ina n'kukamanga pa inzake. Imene ndimafuna ndi yodindidwa pa chesisi penipeni, kutsogolo mbali ya kumanja, pamene pagwira sipuling'i ya kutsogolo. Gonani pansi ndi tochi. Tsukani ndi palafini ndi bulashi ya waya, modekha. Galayinda musayerekeze, sandipepa yokhakhala ayinso. Mnyamata wina anandibweretsera yake ataipala ndi galayinda mpaka kunyezimira ngati supuni, manambala atatu atapita nayo limodzi, ndipo galimoto imeneyo inathera kwa ogula zitsulo zakutha. Manambala akaoneka mwachizimezime, pakanipo choko n'kupukuta ndi chala, choyeracho chimatsalira m'maenje mwa manambala. Unikani tochi chammbali osati molunjika. Jambulani ndi foni.

Mukadali pansi pomwepo, onani ngati pozungulira nambalayo pali mzere wowotcherera. Mbali yaikulu ya thupi la Land Rover ndi ya aluminiyamu, siichita dzimbiri, n'chifukwa chake anthu amapusitsika kuti galimoto ikadali yabwino. Chesisi ndi chitsulo wamba, ndipo masamba a mango onyowa ndi matope a dzinja amachidya mwakachetechete. Amakanika akale ankadula nyanga yowola, nsonga ya kutsogolo ya chesisi pamene pali nambala, n'kuwotchererapo ya galimoto ina, nambala n'kubwera ya galimoto inayo. Gogodani ndi hamala yaing'ono. Chitsulo chabwino chimalira kuti ngwee, chowola chimangoti phu.

Nambalayo ikuuzaninso msinkhu wa galimoto. Pa zambiri za Series musayembekeze zilembo 17 ngati za magalimoto a masiku ano. Pa Series IIA, imene inayamba mu 1961, mupeza manambala 8 ndi chilembo chimodzi kumapeto. Poyang'ana ndi maso, Series IIA ili ndi gililo (chotchinga radiyeta) ya waya wachitsulo kutsogolo, pamene Series III, ya 1971 mpaka 1985, ili ndi ya pulasitiki. Koma gililo imasinthidwa ndi mabawuti ochepa chabe, ndiye khulupirirani chesisi. Nambala ya injini ikasiyana ndi ya m'mapepala musakomoke, injini zinkasinthidwa kawirikawiri, kungoti mumuuze wogula asanazione yekha.

Nambala ili m'manja, pitani ku ofesi ya Road Traffic mukafunse kuti galimotoyo inalembedwa m'dzina la ndani. Konzekani kuti ya zaka zimenezo mwina mu kompyuta ya MalTIS mulibe, ndiye tengani chilichonse chakale: nambala ya pa puleti, kapepala ka COF kapena ka inshuwalansi komata pagalasi. Apatu ndi pamene ndimakwiya ndi anthu otsuka galimoto mwachangu n'kupala timapepala timeneti ndi lezala. Ndi umboni umenewo. Apolisi nawonso adzafuna kuona nambala yomweyo kuti atsimikize kuti si yobedwa.

Mbiri ina ili m'sutikesi ya agogo ndi m'kamwa mwa akuluakulu. Magalimoto oterewa kuno ambiri anachokera ku maesiteti a fodya, ku mamishoni, kapena anali a boma a nambala ya MG n'kugulitsidwa pa okushoni. Lisiti ya okushoni, kalata yogulitsirana, chithunzi cha paukwati pomwe puleti ikuoneka, zonsezo sungani. Funsani amene ankaiyendetsa akadali moyo, mulembe zomwe anene. Wogula akafuna za ku fakitale, British Motor Museum ya ku Gaydon ku England imasunga kaundula wa Land Rover zakale ndipo imapereka setifiketi yosonyeza tsiku lomwe inapangidwa ndi kumene inatumizidwa. Eni ake a kuno ku Malawi sadzapezekamo. Imeneyo alipire yekha.

Chimodzi simunafunse. Ngati dzina ndi la agogo, galimotoyo ndi chuma cha masiye, si yanu nokha. Khalani pansi ndi amalume ndi azakhali, mupite kwa DC kapena kukhoti mukapeze chilolezo choyendetsera chumacho musanalandire ndalama ya munthu. Ndipo kuyambira lero tsekani boneti ndi loko, chifukwa ana akamva kuti yapeza wogula, radiyeta ndi mawaya a kopa zimayamba kuyenda usiku. Mukajambula nambala ija nditumizireni ndiione.