Babu lofiira usiku wonse m'khola la njoka: yankho kwa bambo a ku Luchenza

Bambo wina wa ku Luchenza, m'boma la Thyolo, watilembera imelo. Akuweta njoka ya mtundu wa ball python, nsato yaing'ono, m'khola lagalasi. Kuzizira kutayamba mu June anaika babu lofiira loti liziyaka usiku wonse, poti anauzidwa kuti njoka siona kuwala kofiira. Tsopano njokayo yatha milungu isanu ikukana mbewa, madzulo situluka m'phanga lake, ndipo pofundula khungu linachoka zidutswazidutswa. Akufunsa ngati babulo ndilo lalakwitsa, ndi chimene angaike m'malo mwake.

Bambo, babulo lichotseni. Maganizo ofuna kuifunditsa njoka m'nyengo ya chiperoni ngabwino, koma njira yake ndiyo yaphonya. Njoka imafuna kutentha usiku, sifuna kuwala, ndipo babu lofiira limapereka zonse ziwiri pamodzi.

Zoti njoka siona kufiira zimanenedwa kwambiri ndi ogulitsa, koma si zoona kwenikweni. Mwina siuona mtunduwo monga tiuonera ife, komabe imazindikira kuti m'khola mwawala. Kumbukiraninso kuti njoka ilibe zikope. Diso lake limaphimbidwa ndi kamamba kooneka ngati galasi, kamene kamachoka pamodzi ndi khungu pofundula, choncho singatsinzine kuti ithawe kuwala. Chimene ingachite n'kubisala basi, ndipo n'zimene yanuyo ikuchita. M'thupi mwake muli madzi otchedwa melatonin amene amachuluka kukada, ndipo ndi amene amauza thupi kuti tsopano ndi usiku. Ball python ndi njoka ya ku West Africa ndi Central Africa, masana imakhala m'mauna ndi m'zulu, n'kutuluka kukasaka dzuwa litalowa. Ngati m'khola simuda, nthawi yosaka sifika. Mababu abuluu amene amagulitsidwa ngati "kuwala kwa mwezi" nawonso ndi chimodzimodzi.

Ndondomeko yoyenera ndi maola 12 owala ndi maola 12 amdima. Kuno kum'mwera kwa Malawi masana amakhala pafupifupi maola 11 mu June ndi maola 13 mu December, choncho njoka imene ili m'chipinda chokhala ndi zenera yapeza kale zambiri zimene ikufuna. Khola lisakhale pamene dzuwa limaomba mwachindunji, chifukwa galasi limasunga kutentha ndipo njoka itha kufa m'kanthawi kochepa. Ngati chipindacho n'chamdima, ikani getsi loyera la LED pa timer (kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa magetsi pa nthawi yoikika), liziyaka 6 koloko m'mawa n'kuzima 6 koloko madzulo. Khola la pabalaza, pamene TV ndi getsi zimayaka mpaka pakati pa usiku, liphimbeni ndi chitenje chakuda kutsogolo ndi m'mbali, koma timabowo ta mpweya tisatsekedwe.

Tsopano za kutentha, pamene pagona nkhani yonse. Ball python imafuna kuti mbali imodzi ya khola ikhale pa madigiri 31 mpaka 33, mbali inayo pa 24 mpaka 27, kuti izisankha yokha pokhala. Usiku kutentha kukhoza kutsika pang'ono, koma kusapitirire pansi pa 23. M'nyumba zambiri za ku Thyolo ndi Mulanje, makamaka zamalata zopanda siling'i, m'bandakucha wa June ndi July kumazizira kuposa pamenepa, choncho chotenthetsa chikufunikadi. Musayerekeze ndi dzanja. Gulani mathemomita awiri a digito, imodzi kumbali yotentha ina kumbali yozizira, ndipo muziwerenga m'ma 5 koloko m'mawa, nthawi imene kumazizira kwambiri.

Zotenthetsa zopanda kuwala zilipo zamitundu iwiri imene imapezeka msanga. Choyamba ndi ceramic heat emitter, chinthu chadothi chomangidwa ngati babu koma chosawala. Pa khola lotalika mita imodzi, cha mawati 50 mpaka 75 chimakwanira m'nyumba zambiri. Chimatentha kwambiri, choncho chimafuna holuda yadothi. Yapulasitiki imasungunuka ndipo itha kuyambitsa moto. Chikakhala mkati mwa khola chitchingidwe ndi kakhola kawaya komangidwa ndi masikuluwu. Njoka imadzikulunga pa chinthu chotentha ndipo imachedwa kuchoka, mpaka mamba apamimba kupsa n'kuchita zilonda zimene zimatenga miyezi kuti zipole. Chachiwiri ndi heat mat, kamphasa kamagetsi koika pansi pa khola kunja kwake, kongokwana gawo limodzi mwa magawo atatu a pansipo. Kamafunditsa pamene njoka yagona koma sikafunditsa mpweya, ndiye m'chipinda chozizira kwambiri pakokha sikakwanira.

Chilichonse mwa ziwirizi chidutsire mu thermostat, kachipangizo kozimitsa chotenthetsa kutentha kukakwana n'kuchiyatsanso kukatsika. Apa sitinyengerera. Heat mat yopanda thermostat itha kupitirira madigiri 45, ndipo galasi limene njoka yagonapo limaiotcha mwakachetechete. Kansonga koyezera ka thermostat kamangidwe pamalo otentha penipeni: pakati pa kamphasa ndi galasi ngati ndi heat mat, kapena pansi pa chotenthetsa chadothi pamene njoka imaothera. Musagwiritse ntchito tepi yomata mkati mwa khola, chifukwa ikamatirira pathupi la njoka imasenda khungu. Pogula yang'anani kuti chipangizocho n'cha mavoti 220 mpaka 240. Magetsi athu ndi a 230, ndipo zambiri zochokera ku America n'za 110 mpaka 120, zimapsa mukangolumikiza. Za mayunitsi musade nazo nkhawa kwambiri: cha mawati 50 chitayaka maola 12 osazima chimadya 0.6 ya yuniti, mwezi wonse mayunitsi 18, ndipo thermostat imachepetsako chifukwa imazimitsa kutentha kukakwana.

Khungu lochoka zidutswa lija ndi nkhani ya chinyezi. Kunja kukhoza kukhala nkhungu ndi mvula yowaza, koma m'khola lokhala ndi babu loyaka usana ndi usiku mumauma gwa. Chotenthetsa chadothi nachonso chimaumitsa, choncho konzekeranitu. Chinyezi chikhale pa 55 mpaka 65 peresenti, n'kufika cha m'ma 70 maso a njoka akachita mbuu posonyeza kuti yatsala pang'ono kufundula. Phimbani theka la chivundikiro chawaya, ikani mbale yamadzi yotambalala, ndipo konzani kabokosi kapulasitiki kokhala ndi khomo limodzi, mkati muli kansalu konyowa kofinyidwa bwino. Onani ngati khungu lakale latsalira kunsonga kwa mchira kapena pamaso. La kumchira limamanga magazi mpaka nsonga kuuma. La pamaso musalikoke ndi chala kapena kachitsulo. Lisiyeni lifewe m'kabokosi konyowa kaja, likakanika mupite nayo kwa dokotala wa ziweto.

Magetsi akazima usiku wozizira, phimbani khola ndi bulangete, muike botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'thawulo pakona imodzi, n'kumasintha madziwo pakapita maola atatu kapena anayi. Madzi akhale oti dzanja lanu likhoza kupirira, osati owira. Mbaula musailowetse m'chipindamo ngakhale pang'ono. Utsi wosaoneka wa makala umapha njoka, umaphanso anthu ogona m'nyumbamo. Usiku umodzi wozizirako njoka yathanzi imapirira. Choopsa n'kuidyetsa kenako n'kuzizidwa, chifukwa chakudya sichigayika, chimaolera m'mimba ndipo imasanza. Ikasanza, dikirani milungu iwiri musanaipatsenso.

Mukafuna kuiona ikuyenda usiku, tochi yofooka yolozetsa kukhoma kwa mphindi zingapo siiononga kanthu. Chimene tikukana ndi kuwala kosatha usiku wonse. Posaka siifuna getsi n'komwe, poti pamilomo yake pali timaenje timene timamva kutentha kwa thupi la mbewa mumdima.

Pali chinanso chimene simunafunse koma n'chofunika kwa onse owerenga. Nyama zakutchire m'dziko muno zili pansi pa lamulo la National Parks and Wildlife Act, ndipo mitundu yonse ya nsato, kuphatikizapo ball python, ili pa mndandanda wa CITES woyang'anira malonda a nyama pakati pa mayiko. Funsani ku dipatimenti yoona za nyama zakutchire za chilolezo, ndipo njoka yopezeka m'munda wa tiyi kapena m'mphepete mwa phiri isagwidwe kuti iwetedwe.

Mukakonza zonsezi, isiyeni njokayo sabata yathunthu osaigwira, ili ndi phanga kumbali yotentha ndi lina kumbali yozizira, onse othina moti ikalowa izikhudza makoma. Kenako ipatseni mbewa yofunda kutada, getsi litazima, yonenepa mofanana ndi pakati pa thupi lake. Ikakana, chotsani mbewayo, mudzayesenso pakatha masiku 7 mpaka 10. Ball python yaikulu imatha kukana chakudya kwa milungu yambiri m'nyengo yozizira popanda kudwala, choncho sikelo ndiyo ingakuuzeni zoona: iyezeni kawiri pamwezi n'kumalemba. Ikataya gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, kapena mukamva kulira kwa mluzu ikamapuma, kuona thovu pakamwa, kapena ikamakhala kukamwa kuli yasa, chimenecho ndi chibayo kapena matenda ena, ndipo ifunika dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.