Munapita ku Salima kukajambula mapulani, koma akukutumani ku misonkhano ya m'midzi

Mtsikana wina amene wangomaliza maphunziro a physical planning (kukonza mapulani a kagwiritsidwe ntchito ka malo) wandilembera imelo. Wapeza malo ophunzirira ntchito ku Salima, koma akuti masiku ambiri akumamutuma ku misonkhano ya VDC ndi ADC, makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'dera la mfumu yaikulu, m'malo mokhala pa kompyuta n'kumajambula mapulani a tauni. Akufunsa ngati nthawi yake sikupita pachabe, komanso kuti azikanena chiyani poti iye ndi mwana pamaso pa mafumu.

Achemwali, nthawi yanu sikupita pachabe. Kompyuta mudzaipeza paliponse, koma mwayi wokhala pansi pa mtengo ndi anthu amene pulani yanu idzawakhudze subwera kawirikawiri.

Taonani kaye kumene muli. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika kukula kwa mizinda ngati umodzi mwa mizati yake itatu, ndipo Salima pamodzi ndi Chipoka ili m'gulu la madera asanu ndi atatu amene boma likufuna adzakhale mizinda. Njanji ilipo, doko la Chipoka lilipo, msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja ukudutsa, ndipo M14 ikuchokera ku Lilongwe. Malo akufunidwa ndi ambiri. Lamulo la Physical Planning la 2016 linati dziko lonse liziyendera mapulani, osati m'matauni mokha. Koma malo ambiri ozungulira tauniyo ndi a makolo. Mzere umene mungaulembe pa mapu kuti ndi msewu ukudutsa m'munda wa munthu, mwina pachitsime, mwinanso pamanda. Pa zithunzi za m'mwamba manda amangooneka ngati katchire, ndipo amene angakuuzeni kuti pagona agogo awo ndi eni mudzi okha.

Msonkhano usanafike, yendani pansi. Dzukani m'mawa mukaime pa Kamuzu Road. Onani pamene akabaza amaimika njinga, pamene minibasi zimatsitsa anthu, ndi pamene mayi wa tomato ndi usipa wayala thumba lake. Sanakhale pamenepo mwangozi, watsata mapazi a ogula. M'dziko muno misika ina inamangidwa bwinobwino koma mavenda n'kutsalira kunja, chifukwa wojambula sanafunse kumene anthu amadutsa. Zimandiwawa, poti ndalama zake zimakhala zathu tonse.

Kenako funsani za madzi. Salima ndi yotsika ndiponso yathyathyathya, mvula ikachuluka madzi amaima. Mukapeza gogo, mufunseni kuti chaka cha mvula yambiri madzi anafika pati. Adzakugwirani dzanja n'kukulozerani pakhoma pamene njerwa zinasintha mtundu. Yezani pamenepo, jambulani ndi foni, lembani malo ake. Ku Senga Bay funsaninso pamene nyanja inafika itakwera mu 2024. Ngalande imene mudzajambule ichokere pa mayankho amenewa.

Za mafumu musaope. Fikani kaye kwa a gulupu mukadzidziwitse, muli chitenje m'chiuno, ndipo khalani pamene akulozerani. Ulemu umenewu sukuchotserani digiri. Yankhulani Chichewa choyera, Chingerezi cha m'kalasi muchisiye ku ofesi. Tsiku la msonkhano musasankhe nokha: kunyanja kuli Asilamu ambiri amene Lachisanu masana amakhala ku mzikiti, ndipo asodzi amene agona panyanja m'mawa amakhala ali mtulo.

Chachikulu n'chakuti musapite ndi mapu otha kale. Anthu akaona pepala losindikizidwa bwino amadziwa kuti nkhani inatha ku boma, amangoomba m'manja n'kubalalika. Apatseni kamtengo ajambule mudzi wawo padothi, miyala ikhale mijigo, masamba akhale minda. Mudzamva akutsutsana za malire ndi njira, ndipo mkangano umenewo ndiwo mukufuna kuumva. Amayi nthawi zambiri amakhala chete pamaso pa abambo, choncho kawapezeni paokha, pamjigo kapena kuchigayo. Lamulo la malo a makolo la 2016 limati komiti ya malo ikhale ndi a gulupu ngati wapampando ndi anthu ena asanu ndi mmodzi, atatu kapena kuposapo akhale amayi. Onetsetsani kuti amayiwo ayankhuladi, osangolembedwa maina.

Adzakufunsani za alawansi, ndiponso za chipukuta misozi ngati msewu udzagumula nyumba. Apa musalonjeze kanthu, ngakhale mtima ukuwawa. Inu ndinu wophunzira ntchito, mphamvu imeneyo mulibe. Nenani kuti mukafunsa kwa akuluakulu, lembani funsolo iwo akuona, ndipo mubwerere ndi yankho, ngakhale likhale lakuti ayi. Anthu a m'midzi atopa ndi alendo ofunsa mafunso n'kusowa.

Kujambula kumene mukukufunako kulipo. Pemphani bwana wanu akupatseni kadera kamodzi, kaya ndi siteji ya akabaza kaya mzere umodzi wa msika, muyende nako kuyambira pa msonkhano woyamba mpaka pa pulani. Zimene anthu ajambula padothi muziike mu QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira mapu, musindikize, mupite nazo kwa eni ake akakonze ndi cholembera pamene mwaphonya. Mapepala onse awiri, loyambalo ndi lokonzedwalo, musunge, mudzawaonetse tsiku lofunsira ntchito.